Madontho Awiri pa Kabuleta

Ndakhala ndikubwera kuno ku gulu lathu la olimbana ndi mowa Lachinayi lililonse, koma ndimakhala pa benchi ya kumbuyo apo pafupi ndi khomo, kuti zikandikulira ndituluke msanga. Lero a tcheya andigwira dzanja. Ndiye ndiyankhula, kungoti musayembekezere mawu okoma, ine si mlaliki, ndine makaniko. Dzina langa ndi Lusiyano, ndimakhala kuseri kwa Chitakale, njira yolowera ku minda ya tiyi. Ena mwa inu mukundidziwa chifukwa tinkamwera chikho chimodzi. Achimwene akuwerama apowo akundidziwa kuposa onse.

Ine ndinabera mwana wanga. Ndayambira pamenepo dala, chifukwa ndikayambira kwina ndizungulirazungulira mpaka nthawi ithe.

Ndinali makaniko pa galaja ya esiteti. Mathirakitala, malole onyamula masamba, zonse zinkadutsa m'manja mwangamu, ndipo khutu langa linali lodziwika. Injini ikangolira ndinkadziwa pomwe pavuta ndisanatsekule boneti. Mowa unayamba ngati wa Loweruka. Kenako unalanda Lamulungu, kenako Lolemba ndinkafika ku ntchito ndikutafuna masamba a gwafa kuti fungo lisamveke. Anandichenjeza kawiri. Kachitatu ndinaiwala kumanga bauti ya oyilo pa thirakitala, injini yonse n'kupsa. Palibe anandilakwira, anandichotsa moyenera. Tinatuluka m'nyumba ya kampani n'kupita kwawo kwa mkazi wanga, ine n'kukhala mkamwini wopanda ntchito. Mukudziwa nokha mmene mkamwini wotero amayendera pakhomo, ngakhale kutsokomola amachita kupempha.

Pakhomopo, pansi pa mtengo wa mapeyala, panali pikapu yakale ya malemu apongozi anga, bambo ake a mkazi wanga. Ija ya magiya a pachiwongolero, achinyamatanu simunaione ikuyenda. Akuluwo anali dalaivala wa bwana wa esiteti, ndiye popuma ntchito anawapatsa galimotoyo. Inanyamula zinanazi, odwala, akwati, mabokosi a maliro, mudzi wonse unakweramo. Eni ake atamwalira inakhala pa njerwa zaka zambiri, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala.

Nkhani ya chiliza cha akuluwo itabwera, alamu anga a Namakhwa, omwe ndi eni mbumba pamenepo, anati galimotoyo igulitsidwe kwa aja amayenda ndi sikelo kugula zitsulo zakutha, ndalama zake zigulire mwala wa pamanda. Ine ndinalibe mawu, si ya kwathu. Amene anayankhula ndi mwana wanga Edina, wa zaka khumi ndi zisanu, ali Folomu 2.

"Amalume, galimoto ya agogo isapite pa sikelo ngati nandolo. Ndipatseni mpaka tsiku la chiliza. Mwala wawo ukanyamulidwe ndi galimoto yawo."

Alamu anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Iwe mtsikana, uikonza ndi chiyani? Chipande?"

"Ndi ababa," anatero Edina.

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinali nditamwa kale tsiku limenelo, ndipo onse ankadziwa. Alamu anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako anati, "Chabwino. Mwala tigula ndi ndalama za nandolo. Koma galimotoyi ikapanda kulira pofika tsiku la chiliza, mawa lake ikupita pa sikelo, ndipo sindifuna kuona misozi ya munthu."

Abale anga, miyezi yoyambayo inali yokoma kuposa miyezi yonse yomwe ndakhalapo ndi moyo. Mwana akaweruka ku sukulu ankavula yunifolomu, n'kuvala shati yanga yakale, ife pansi pa mapeyala. Tinathamangitsa nkhuku, tinachotsa zisa za makoswe, tinamasula injini bauti imodziimodzi. Mwana uja ali ndi manja. Sipanala sindinkachita kumuuza nambala, ankangoyang'ana mutu wa bauti n'kutola yoyenera. Amake ankadandaula kuti mwana wamkazi akununkha palafini, palibe adzamufunsire mbeta. Iye ankayankha kuti amene adzamufune adzabwere ndi sopo wake.

Ndinamuphunzitsa mmene tinkachitira ku galaja ya esiteti. Chitsulo chilichonse ukachimasula, ukachitsuka n'kuona kuti n'chabwino, umaikapo kadontho ka penti. Ukatero sudzasokoneza chotsuka ndi chosatsuka, chanu ndi cha eni ake. Ife penti tinalibe, ndiye Edina anatenga kabotolo ka kyutekisi wofiira ka amake, kaja amapaka m'zikhadabo popita ku ukwati. Chilichonse chotsukidwa, kadontho kofiira, n'kulowa m'chitini chake. Lamulo limeneli ndinalibweretsa ndine, ndi pakamwa pangapa.

Musaganize kuti mowa ndinali nditasiya. Ndinkangouchepetsa masana kuti mwana asaone manja akunjenjemera. Ndiye kunabwera sabata ina ya chiperoni, ganyu kulibe, m'thumba mulibe kanthu, ndipo amayi omwe ndinkagulako kachasu anali atasiya kundikongoza. Amene mwakhala munomu mukuidziwa njala imeneyo. Siili m'mimba, ili m'mafupa. Mwana atapita ku sukulu ndinayang'ana zitini zija zili mndandanda pakhonde, ndipo maso anga anagwera pa kabuleta. Kwa amene simudziwa, ndi kachitsulo kosakaniza petulo ndi mpweya, popanda iko injini siyilira. Edina anali ataitsuka masiku atatu ndi mswachi, tizibowo take akupemerera ndi pakamwa. Ya mtundu umenewo masiku ano kuipeza n'kovuta, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo kuposa wina aliyense.

Ndinaikulunga m'jumbo, ulendo wa ku Chitakale kwa a Saidi, aja amagulitsa zipangizo zakale za galimoto. Anagula osafunsa zambiri. Ndalama yake ndinaimwa masiku awiri.

Ndikanakhala kuti ndinangoba n'kukhala chete, mwina manyazi anga akanachepa. Koma ndinachita sewero. Mwana atapeza chitini chili pululu, ine ndi amene ndinakuwa kuposa onse. Ndinatukwana akuba, ndinati ndi anyamata a ku Muloza amenewa, panopa kabuleta yawoloka kale malire. Ndinazungulira nyumba kufunafuna mapazi a wakuba, mapazi angawa akuponda pomwepo. Edina sanalire. Anangokhala pa tayala, chitini chili pamiyendo, n'kunena kuti, "Ndinalakwa ine, ababa. Ndikanalowetsa m'nyumba." Ndipo ine, bambo wake womubala, ndinayankha kuti, "Eya, ulendo wina uzisamala."

Mawu amenewo mpaka lero amandidzutsa chilili ndikawakumbukira.

Patapita sabata, alamu anabwera ndi maganizo oti tipite kwa sing'anga wina wa kufupi ndi Likhubula, akatchere wakubayo kuti atupe miyendo. Ndisanapeze bodza loti ndinene, Edina anaimirira. "Ayi amalume, musapite. Ndakana. Mukapita kwa sing'anga, ine galimotoyi ndaisiya lero lomwe." Alamu anadabwa kuti mwana wakwiyiranji chonchi, koma anazisiya. Ine mumtima ndinati zikomo Mulungu, mwanayu ndi wa tchalitchi kwambiri. Umbuli wanga unafika pamenepo.

Kuyambira nthawi imeneyo mwana anasintha kayendedwe. Loweruka ankalawirira, akuti kukawerenga ndi anzake. Pobwera, zala zili bii, zong'aluka m'mbali mwa zikhadabo. Ine ndakulira pa esiteti, zala za munthu wothyola tiyi ndimazidziwa ndili patali. Masiku ena khosi linkamuwawa, amake n'kumamuthowa ndi madzi otentha. Ndinaona zonsezo koma sindinafunse, chifukwa munthu wakuba safuna mafunso pakhomo, ngakhale ofunsa iye mwini.

Tsiku lina madzulo anafika ndi jumbo, n'kuika pa boneti. "Ababa, ndapeza ina ku Chitakale. Taonani ngati ingakwane." Nditatsekula ndinaizindikira nthawi yomweyo, inali yomwe ija. Ndinaitembenuza uku ndi uku ngati katswiri, n'kunena kuti, "Ikufananako ndithu, tiyesa." Ndinadzinamiza kuti mwana sanadziwe. Iye anangoti, "Chabwino," n'kuibwezera m'chitini chake chomwe chija, pakhonde pomwe paja.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pamene ndikufuna mudziyang'ane nokha. Munthu wabwinobwino akanaphunzirapo. Ine panangopita masabata atatu. Njala ija inabweranso, ndipo mutu unayamba kundipangira masamu ake aja: mwana wapeza kamodzi, apezanso, chiliza chikadali kutali, ndikapeza ganyu ndikaiwombola ndekha asanadziwe. Mowa uli ndi loya wake m'mutu mwathumu, ndipo saluza mlandu. Ndinaitenganso. Ndinapitanso kwa a Saidi omwewo, poti palibe wina akanagula chitsulo chakale chotero.

Kunali cha m'ma teni koloko m'mawa, msika uli piringupiringu, makondakitala akuitanira za ku Limbe. A Saidi anali pa benchi yawo akusankha mabauti. Atandiona sanadabwe. Anatsekula jumbo, anatulutsa kabuleta, anaipukuta ndi kansalu pang'onopang'ono, n'kuitembenuza chapansi.

"A Lusiyano, tabwerani muone."

Panali madontho awiri ofiira, moyandikana.

"Loyambali ndinaigula nalo kwa inu," anatero. "Mwana wanu anabwera kuno kudzafunsa ngati ndili ndi kabuleta ya pikapu yakale. Nditamuonetsa, anaitembenuza, n'kuona dontho lake. Anandifunsa kuti anabweretsa ndani. Ine sindinama, ndinamuuza. Kenako anati ndimusungire. Wakhala akubwera Loweruka lililonse ndi zomwe wapeza kothyola tiyi ndi kosenza zinanazi kupita nazo ku msewu. Tsiku lomwe anamaliza anatulutsa kabotolo m'thumba, dontho lachiwirili anaikira pa benchi yanga ino."

Ndinkafuna kuthawa.

A Saidi anapisa m'thumba, anatulutsa ndalama, n'kuziika pa benchi pafupi ndi kabuleta. "Tengani. Anandisiyira mawu. Anati, 'Ababa akabweranso nayo, mugule, musawakalipire, musawachititse manyazi pa anthu. Kungoti musagulitse kwa wina. Ulendo uno ndichedwerapo chifukwa mayeso ayandikira, koma ndibwera.'"

Abale, ndikanakonda ndikanakuuzani kuti ndinakankha ndalamazo nthawi yomweyo. Likhala bodza. Dzanja langa linapita lokha mpaka linazikhudza. Ndinamva pepala lija kunsonga kwa zala, ndipo pakhosi panayamba kale kumeza. A Saidi anabwerera ku mabauti awo. Ine ndinaima pamenepo, chala chili pa ndalama, maso ali pa madontho aja. Ndinakumbukira zala zong'aluka zija. Ndinakumbukira za sing'anga, ndipo m'pamene ndinamvetsa kuti mwana uja sankaopa tchimo, ankaopa kuti miyendo yotupayo ikhala ya bambo wake. Ndiponso chitini chija anachibwezera pakhonde pomwepo, osabisa, akudziwa bwinobwino wakuba amagona nyumba iti. Mwana anali atakonzekera kale kuti ndimuberanso, ndipo anali atakonza ndi njira yoti ndibe popanda kunyozeka.

Ndinachotsa chala. Sindikudziwa kuti mphamvu yake inachokera kuti, inuyo a tcheya mudzanena. Ndinanyamula kabuleta popanda jumbo, n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba, misozi ikutsika, a kabaza akundiimbira mabelu.

Ndinakhala pansi pa mapeyala mpaka anaweruka. Atafika anayang'ana chitini kaye, kenako anayang'ana m'manja mwanga.

"Edina, mwana wanga," ndinatero, "wakuba uja ndine. Kawiri konse. Lero ndachokera kwa a Saidi."

"Ndikudziwa, ababa."

"Bwanji sunandifunse?"

"Mukanavomera?"

Ndinapepesa, ndinapepesanso, mawu akutuluka mosalongosoka. Iye sanandikumbatire ngati za m'mafilimu, sananene kuti ndakukhululukirani. Anangoti, "Chomwe chinandiwawa si kabuleta. Ndi pomwe munati ndizisamala." Atatero analowa m'nyumba kukavula yunifolomu, ndipo tsiku limenelo sitinagwire sipanala.

Za kubwerera kwanga zilibe zozizwitsa. Madzulo omwewo ndinaitana amake Edina ndi alamu, n'kunena zonse pamaso pawo. Kwa mkamwini, kumeneko ndi kudzilongedzera katundu wekha. Alamu anakwiya kwambiri, anati ndikanakhala galu akanandimangirira mwala. Amake Edina analira, osati chifukwa cha ine, koma chifukwa anathowa khosi la mwana osadziwa chomwe chikumupweteka. Sanandithamangitse, koma kwa mwezi wathunthu pakhomo paja ndinkayankhulidwa ndi nkhuku zokha.

Ndinapita ku chipatala, chifukwa nditasiya mowa thupi linandiukira, kunjenjemera, kusanza, kuona zinthu zoti palibe. Musachite manyazi kupita, ndipo musayese kulimbana nazo nokha m'nyumba, adokotala anandiuza kuti zimapha. Njira yodutsa kwa amayi a kachasu ndinaisiya, ndimazungulira ku mjigo ngakhale ndi kutali. Ndikagwira ganyu, kaya pa chigayo kaya pa njinga yamoto, eni ake ndimawauza kuti malipiro akapereke kwa mkazi wanga. Anzanga amandiseka kuti ndakhala mwana wa sukulu. Asekeni, ine ndikudziwa chomwe dzanja ili linachita pa benchi ya a Saidi.

Ganyu yoyamba yomwe ndinagwira, ndinapempha amake Edina kuti andigulire loko ndi katcheni. Titamangirira kabuleta pa injini, ndinakhoma boneti ndi loko uja, kiyi n'kumupereka kwa mwana. Ndinati, "Usandipatse ngakhale nditapempha." Anamumanga pa chingwe n'kuvala m'khosi. Sananene kuti ayi ababa, n'zosafunika. Analandira, ndipo kulandira kwakeko kunandiuza pomwe ndaima.

Ndinagwanso kamodzi, pa maliro a mnzanga wa ku esiteti. Ndikunena kuti wina asadzaganize kuti akagwa ndiye kwatha. M'mawa mwake ndinakanena ndekha kwa mkazi wanga asanamve kwa anthu, ndipo Lachinayi lake ndi lomwe ndinayamba kukhala pa benchi ya kumbuyo ija.

Ntchito tinapitiriza, koma mosinthana. Manja anga anali asanakhazikike, tizitsulo ting'onoting'ono tinkandipulumuka. Ndiye iye ankagwira, ine ndikunena. Batire tinabwereka kwa a chigayo, matayala tinapeza akutha koma ogwira mpweya. Kutatsala masiku awiri kuti chiliza chichitike, anthu a m'mudzi anakankha pikapu ija kutsetsereka kwa ku mjigo. Inatsokomola, n'kuzima. Kachiwiri chimodzimodzi. Alamu anali ataima poteropo manja ali kumbuyo, ndikuganiza kuti ankawerengera kale makilo. Kachitatu inagwira, utsi wakuda tolo, ana akuthawa. Koma inkalira mopuma, ngati munthu wa mphumu. Ndinatsika, Edina anatsekula boneti ndi kiyi wake, anaika sikuludiraiva pa kabuleta, ine ndinatseka maso n'kutchera khutu. "Pang'ono kumanja. Pang'ononso. Bwezako. Pomwepo." Injini inakhazikika, kulira kwake kuja kwa kalekale. Amake Edina anatuluka m'khitchini akuthamanga, akuti anamva ngati bambo awo afika.

Mwala tinaunyamula. Ndinayendetsa ndine, pa giya yachiwiri njira yonse mpaka kumanda, Edina ali pambali panga, alamu ali kumbuyo atagwirizira mwala wa bambo awo. Za sikelo sanazitchulenso. Anthu anandiyamikira kwambiri tsiku limenelo, a Lusiyano ndinu makaniko, a Lusiyano manja anu ndi odala. Kuyamikira kulikonse kunkandilasa, chifukwa ndinkadziwa kuti galimotoyo yafika kumanda ndi zala za mwana wothyola tiyi.

Papita nthawi tsopano. Pikapu ija imanyamula zinanazi kupita ku msewu, ndipo pakhomo sitigona ndi njala. Koma nthawi yonseyi kiyi wa boneti wakhala ali m'khosi mwa Edina. Ndikafuna kuthira madzi kapena kuona oyilo, ndimamuitana, amatsekula, amaima pomwepo mpaka nditamaliza, n'kukhomanso. Anthu odutsa amaseka. Ine sindinadandaulepo, loko ndinagula ndine.

Lolemba lapitali wapita ku sukulu yogonera konko, akamalizire Folomu 4. Ndinamuperekeza pa siteji ya Chitakale. Minibasi itatsala pang'ono kudzaza, anavula chingwe chija m'khosi n'kundiika m'manja. Anati, "Oyilo muziona Loweruka lililonse, ababa. Ikudontha pang'ono kumbuyo." Basi, n'kukwera.

Kiyi wake ndi uyu, mukumuona. Lero ndi tsiku lachinayi ali m'thumba mwanga, ndipo ndikuuzeni zoona, akulemera. Benchi ya a Saidi ikadali pomwe paja, njala ija sinafe, imangogona. Nditabwerera kunyumba tsiku limenelo ndinayang'ana pa windo pomwe pamakhala kabotolo ka kyutekisi kaja. Palibe. Amake akuti anakaika m'chikwama, wapita nako.

Ndiye ngati mumapemphera, musandipempherere chuma kapena ntchito ya pa esiteti. Mundipempherere ichi chokha. Edina abwera pa holide. Akadzatsekula boneti n'kusuzumira pansi pa kabuleta, kabotolo kaja kadzakhale m'chikwama momwemo, madontho adzawapeze akadali awiri.